Citroën DS: galimoto yodzuka ngati ng'ombe

Kwathu kuno galimoto ikakalamba imathera patsinde pa mango. Nkhuku zimaikiramo mazira, ndipo ana amasololamo mawaya opangira timagalimoto tawo. Koma alipo magalimoto ena amene akakalamba mtengo wake umakwera. Anthu amawafunafuna, amawagula ndi ndalama zambiri, nawasunga m'nyumba ngati cuma. Imodzi mwa iwo ndi Citroën DS ya ku France. Tiyeni timve mbiri yake, tione cimene cimapatsa cinthu cakale ulemu wotere.

Kubadwa kwake

Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse inatha mu 1945. Inasiya France ili paumphawi, misewu yambiri ili yokumbikakumbika. Kampani ya Citroën inafuna galimoto yoyenda mofewa pamsewu woipa. Amisiri atatu anatsogolera nchitoyi. André Lefèbvre, amene poyamba anagwira nchito yopanga ndege, anakonza za m'kati. Flaminio Bertoni, wosemasema wocokera ku Italy, anaumba maonekedwe ake. Paul Magès anatulukira njira yatsopano yokhazikira galimoto pa magudumu.

Mu Okutobala 1955 anaionetsa kwa anthu mumzinda wa Paris. Onse anagwira pakamwa. Magalimoto a masiku amenewo anali ngati mabokosi, koma iyi inali yosongoka kutsogolo ndi yosalala ngati mlamba. Tsiku loyamba lokha anthu 12,000 analembetsa maina kuti agule. Malemba awiriwo, D ndi S, powachula m'Cifalansa amamveka ngati mau otanthauza "mulungu wamkazi".

Cinsinsi cake

Magalimoto ena amakhala pa masipuling'i acitsulo. DS inalibe masipuling'i. Pa gudumu lililonse panali kampira kacitsulo konga cikho. M'kati mwake, mbali ina munali mpweya wopanikizidwa, mbali ina munali mafuta, ndipo pakati panali cikopa ca labala. Gudumu likagunda mwala, mafuta ankakankha mpweya, mpweyawo n'kumeza kugundako. Okwera sankamva kanthu.

Injini inkayendetsa pampu yopopa mafutawo. Galimoto ikaima nthawi yaitali inkatsika pang'onopang'ono, nigona pafupi ndi nthaka. Akaliza injini inkadzuka ngati ng'ombe m'khola. Pambali pa woyendetsa panali kandodo. Pofika pamatope kapena pamiyala, ankakoka kandodoko, galimoto n'kukwera m'mwamba. Tayala likaphulika, jeke sinkafunika. Ankakweza galimoto, n'kucirikiza ndi kacitsulo, n'kuitsitsa, ndipo gudumu linkatsala lili lende. Amene anayendapo pamsewu wa Milange kupita ku Mocuba m'masiku a fumbi ndi matope adziwa kufunika kwa nzeru imeneyi.

Tsiku limene inapulumutsa mtsogoleri

Mbiri ya DS ikukhudzanso Africa. Dziko la Algeria linali m'manja mwa France kuyambira 1830. Anthu ake anayamba nkhondo ya ufulu mu 1954, ndipo analandira ufuluwo mu Julayi 1962. Ndi ku Algeria komweko kumene Samora Machel ndi anzake anakaphunzira za usilikali mu 1963.

Mtsogoleri wa France, Charles de Gaulle, ndiye anavomera kuti Algeria idzilamulire. Azungu ena, pamodzi ndi asilikali ena, anakwiya nazo. Pa 22 Ogasiti 1962 anamubisalira pamalo ochedwa Petit-Clamart, pafupi ndi Paris. De Gaulle anali mu DS yakuda pamodzi ndi mkazi wake. Acifwambawo anaombera zipolopolo zoposa 100. Zina zinaboola galimoto, ndipo matayala awiri anaphulika. Koma galimoto sinagubuduke. Woyendetsa anaponda moto mpaka anakafika ku bwalo la ndege. Palibe wa m'galimotomo amene anafa. Kucokera tsiku limenelo dzina la DS linamveka ponseponse.

Inaonetsanso mphamvu pa mipikisano ya m'misewu yoipa. Inapambana ku Morocco mu 1969 ndi 1970. Mu 1974 inapambana mpikisano wocokera ku London, wodutsa m'cipululu ca Sahara, wokathera ku Munich.

Cifukwa cake sinacuruke kwathu

Magalimoto a DS ena ankawalumikiza ku South Africa. Komabe mu Africa inali galimoto ya anthu owerengeka, eni cuma ndi akuluakulu a boma. Galimoto ya ku France imene anthu wamba anaidziwa ndi Peugeot 404 ndi mng'ono wake 504, amene anatuluka mu 1968. Peugeot inanyamula anthu, matumba a cimanga, mbuzi ndi odwala. Ikaonongeka, makaniko aliyense ankaikonza ndi sipanala ndi nyundo.

DS sinali conco. Mafuta a pampu aja ndiwo ankagwiritsanso mabuleki ndi kupeputsa ciwongolero. Paipi imodzi ikadontha, galimoto yonse inkadwala. Mafutawo anali apadera. Oyamba anali ofiira, ndipo kuyambira ca m'ma 1966 anasintha n'kuika obiriwira. Munthu akasakaniza mitundu iwiriyi, malabala onse ankaonongeka. Kumene kunalibe mafuta oyenera ndi makaniko wophunzira, DS inkagona pansi osadzukanso. Apa tikuona kuti makina, ngakhale akhale anzeru cotani, moyo wake uli m'manja mwa wowakonza.

Osunga magalimoto akale

DS yotsiriza inatuluka m'fakitale mu Epulo 1975, miyezi iwiri Mozambique asanalandire ufulu. M'zaka 20 anapanga magalimoto oposa 1,400,000. Ambiri anadyedwa ndi dzimbiri. Otsalawo ndiwo akufunidwa lero. Mu 1999 akatswiri a magalimoto anasankha magalimoto opambana a zaka 100 zimenezo, ndipo DS inakhala yacitatu.

Kodi ogula amayang'ana ciani? Coyamba ndi kusowa kwake. DS yopanda denga, imene ankaikonza kwa mmisiri Henri Chapron, anaipanga yocepa, yosafika 1,500. Yotere yagulitsidwapo pa mayuro oposa 100,000, ndalama zogulira magalimoto atsopano angapo.

Caciwiri ndi thupi lake. Wogula wocenjera sakhulupirira penti. Amagwada, n'kusuzumira kunsi, cifukwa cikomekome ca nkuyu m'kati muli nyerere. Amafunanso kuti zitsulo, mipando ndi nyali zikhale zomwe inabadwa nazo.

Cacitatu ndi mapepala. Galimoto yokhala ndi kabuku kosonyeza amene anaigula poyamba, zaka zimene inayenda, ndi tsiku lililonse limene anaikonza, imaposa mtengo inzake yopanda mbiri. Zolembedwa ndizo mboni.

Tsono DS imene ikuyendabe lero yafika pano cifukwa ca magulu awiri a anthu: amisiri amene anaipanga mosamala, ndi eni ake amene anaithira mafuta oyenera, naibisa ku mvula caka ndi caka. Ife tilibe DS, koma tili ndi njinga, cigayo, makina osokera ndi mjigo wa pamudzi. Nazonso zimakhalitsa kwa amene amazisamala.

Mafunso

1. Ndi ciani cinali m'malo mwa masipuling'i mu DS?
2. Cinacitika ndi ciani pa 22 Ogasiti 1962?
3. Cifukwa ninji Peugeot inacuruka mu Africa kuposa DS?
4. Chulani zinthu zitatu zimene ogula magalimoto akale amayang'ana.
5. M'mudzi mwanu muli makina ati akale amene akugwirabe nchito? Amawasamala ndani?