Mbiri ya Njira Zofufuzira Nzeru za Mwana

Aphunzitsi ndi ana a sukulu nonse amene mukumvetsera, phunziro lathu la lero ndi la mbiri ya anthu ophunzira amene anafuna kudziwa mmene maganizo a mwana amakulira, ndi njira zimene anatsata pofufuza. Nkhaniyi ikutikhudza tonse, pakuti tsiku ndi tsiku mphunzitsi amaweruza mumtima mwake kuti mwana uyu ngwanzeru, uyo alibe mutu wa sukulu, ndipo ciweruzo cotere cimatha kumtsata mwana moyo wake wonse.

Njira yoyamba inali yopenyetsetsa mwana mmodzi ndi kulemba zocita zake. Charles Darwin wa ku England atabereka mwana wake woyamba m'caka ca 1839, anayamba kulemba m'kabuku nthawi imene khandalo linayamba kumwetulira, kucita mantha ndi kukwiya. Zolembazo anazifalitsa m'caka ca 1877. Ku Germany nakonso, Wilhelm Preyer anatulutsa buku m'caka ca 1882 lofotokoza zaka zitatu zoyamba za mwana wake wamwamuna. Njirayi inaphunzitsa anthu kupenya mosamala, koma inali ndi bvuto: diso la kholo limakondera, ndiponso mwana mmodzi sangaimire ana onse.

Njira yaciwiri inali ya mayeso. M'caka ca 1904 boma la France linafuna kudziwa ana amene anali kutsalira m'maphunziro kuti apatsidwe thandizo lapadera. Caka cotsatira, Alfred Binet ndi Théodore Simon anakonza mayeso a nchito 30, kuyambira zapafupi kufikira zobvuta. Binet anali kukhulupirira kuti nzeru za mwana zingathe kukula ngati aphunzitsidwa bwino. Koma mayeso ake atafika kumaiko ena, anthu ena anawasandutsa sikelo yopimira ana ngati matumba a cimanga, nayamba kunena kuti cimene mwana wapeza lero ndico adzakhala naco mpaka kale.

Njira yacitatu inadza ndi Jean Piaget wa ku Switzerland, amene anabadwa m'caka ca 1896 namwalira m'caka ca 1980. Ali mnyamata anagwira nchito ku Paris yoyesa ana ndi mayeso a mtundu womwewo. Iye anacita cidwi ndi mayankho olakwa, cifukwa anaona kuti ana a msinkhu umodzi amalakwa mofanana. Motero anayamba kuceza ndi mwana aliyense payekha, namfunsa kuti afotokoze cifukwa ca yankho lake. Pambuyo pake anaphunzitsa kuti maganizo a mwana amakwera makwerero anai. Kufikira zaka 2 mwana amadziwa zinthu pozigwira, poziona ndi pozilawa. Kucokera zaka 2 mpaka 7 amalankhula, koma maso amamnyenga. Kucokera zaka 7 mpaka 11 amaganiza molongosoka za zinthu zooneka. Pamene wapyola apo amatha kuganizira ngakhale zinthu zimene sanazionepo.

Nayi imodzi mwa njira zimene Piaget anayesera ana, ndipo mungathe kuiyesa m'kalasi mwanu. Ikani timiyala m'mizere iwiri, mzere uliwonse timiyala 6, moyang'anizana. Mwana wa zaka 5 adzabvomera kuti mizereyo njofanana. Tsono tambasulani mzere umodzi iye akuona, ndi kumfunsanso. Kawirikawiri adzayankha kuti mzere wautaliwo uli ndi timiyala tambiri. Piaget anati ici cikusonyeza kuti mwana wa msinkhu umenewo sanazindikire kuti ciwerengero sicisintha pamene maonekedwe asintha.

Koma m'caka ca 1974, ku Edinburgh m'dziko la Scotland, James McGarrigle ndi Margaret Donaldson anasintha kanthu kamodzi kokha. M'malo moti munthu wamkulu atambasule mzere, anacititsa kuti cidole "copulupudza" cisokoneze mzerewo ngati mwangozi. Atatero, ana ambiri a zaka 4 mpaka 6 anayankha bwino. Ofufuzawo anaganiza kuti wamkulu akasintha cinthu mwadala nabwereza funso lomwelo, mwana amayesa kuti akufunidwa yankho lina. Apa anthu anaona kuti kafunsidwe ka funso kamatha kubisa nzeru zimene mwana ali nazo.

Ku Russia kunali Lev Vygotsky, amene anabadwa caka cimodzi ndi Piaget koma anamwalira ndi cifuwa cacikulu m'caka ca 1934, ali ndi zaka 37 zokha. Iye anati kuyesa zimene mwana angacite yekha sikukwanira. Tiyenera kuonanso zimene angacite pothandizidwa ndi wamkulu kapena mnzake wodziwa. Ana awiri angalephere samu imodzimodzi, koma wina akangouzidwa poyambira amaitsiriza, pamene mnzakeyo afunika kubwerera kumbuyo. Pakati pa zimene mwana angathe yekha ndi zimene angathe pothandizidwa, anatero Vygotsky, mpamene pali nchito ya mphunzitsi.

Kafukufuku yense amene tachulayu anacitika ku Ulaya. Mayeso a kumeneko atabwera ku Africa, ana athu ambiri sanakhoze bwino, ndipo ena anafulumira kunena kuti ana a kuno ngocepa nzeru. Limodzi la mayankho amphamvu pa mau amenewa linacokera muno m'Zambia. Robert Serpell wa pa Yunivesite ya Zambia anayesa ana a m'Lusaka ndi ana a ku England powapatsa nchito yotsanzira zithunzi, ndipo anafalitsa zimene anapeza m'caka ca 1979. Pojambula ndi pensulo papepala, ana a ku England anapambana. Popinda waya, anapambana ndi ana a ku Zambia, amene anazolowera kupanga magalimoto a waya. Poumba ndi dongo, magulu onse awiri anafanana. Nzeru yoona cithunzi ndi kucitsanzira inalipo mbali zonse. Cosiyana cinali cida cimene manja a mwana anacizolowera. Pa maziko otere panakonzedwa mayeso ochedwa Panga Munthu, m'mene mwana amaumba munthu ndi dongo m'malo momjambula.

Serpell anagwiranso nchito pakati pa Acewa a m'boma la Katete kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Anafunsa akuluakulu a m'midzi kuti pa ana amene akuwadziwa angasankhe uti pa nchito yakutiyakuti, ndiponso cifukwa cake. Anapeza kuti kwa iwo nzeru zili ndi mbali ziwiri: kucenjera ndi kutumikira. Mwana wanzeru ngwofulumira kumva, komanso ngwokhulupirika akatumidwa. Kucenjera kopanda kutumikira akuluakuluwo sanakuyamikire. Anapezanso kuti ana amene akuluakulu anawasankha sanali nthawi zonse omwe anakhoza bwino mayeso ake. Zimenezi anazifotokoza m'buku limene linatuluka m'caka ca 1993.

Mbiri imeneyi ikutiphunzitsa kuti cimene wofufuza amapeza mwa mwana cimadalira njira imene wafunsira. Njira iliyonse inaulula kanthu, nisiya kanthu kena kobisika. Cifukwa cake inu aphunzitsi, musamtsekere mwana khomo cifukwa ca mayeso amodzi. Akalakwa, mfunseni mmene waganizira, monga anacitira Piaget. Bwerezani funso m'cinenero ca kwao, ndiponso ndi zinthu zimene amazidziwa, monga nthanga, dongo kapena waya. Mthandizeni poyambira, muone pamene angafike. Funsaninso makolo ake zimene amakhoza kunyumba. Akulu anati m'mera mpoyamba.

Ndipo inu ana a sukulu, mukalephera funso musadziyese opusa. Funsani aphunzitsi anu, pakuti safunsa anadya phula. Sabata ino yesani masewera a timiyala aja ndi mng'ono wanu kunyumba, mumfunse cifukwa ca yankho lake, ndipo mukauze aphunzitsi anu zimene mwapeza.