Kuchokera pa Riboni Kufika pa Laputopu: Mbiri ya Ntchito Yotayipa ku Mwanza

Ntchito yotayipa ku Mwanza idakula chifukwa cha chipata. Boma limeneli lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Blantyre, ndipo msewu wa M6, umene umapatuka pa Zalewa, umakathera m'malire a dziko la Mozambique, kuyang'anizana ndi Zobue. Kunja Mwanza imatchuka ndi manachesi, koma pa tauni penipeni pali malonda ena osayalidwa pamsika, malonda a pepala. Thiraki siidutsa pachipata popanda zikalata, ndipo chikalata chilichonse chimafuna munthu wochilemba. M'zaka 50 zapitazi zipangizo za munthu ameneyu zasintha kangapo, koma dandaulo la kasitomala ndi lomwe lija: zilembo sizikuoneka bwino.

M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 makina otayipira ankapezeka m'malo owerengeka, monga ku ofesi ya DC, kupolisi, ku kasitomu, kumishoni ndi ku sukulu zingapo. Mayina odziwika nthawiyo adali Olivetti, Imperial, Olympia ndi Remington, makina olemera moti ponyamula ankachita kuwakumbatira. Wotayipa adali munthu waulemu wake, ndipo ankayesedwa ndi zinthu ziwiri, liwiro la zala ndi ukhondo wa tsamba. Riboni ikayamba kuuma zilembo zinkatuwa, ndipo yatsopano ikachedwa kufika kuchokera ku Blantyre ankaitembenuza yakaleyo kuti agwiritse ntchito mbali imene sidamenyedwe kwambiri. Zilembo zamimba monga a, e ndi o zinkatsekeka ndi litsiro la inki n'kumatuluka ngati madontho; mankhwala ake adali phini, kaburashi ndi sipiriti. Kalata ya boma inkafuna makope atatu kapena anayi, choncho pakati pa mapepala ankaikapo kaboni. Kope yapamwamba inkapita kwa mwini nkhani, pamene yapansi, yotuwa mbuu chifukwa mphamvu ya chala idathera m'mapepala enawo, ndiyo inkatsala m'failo. N'chifukwa chake mafailo akale amavuta kuwerenga: ofesi inkadzisungira kope yoipitsitsa.

Mayeso a kusukulu ndi zidziwitso zofuna makope ambiri zinkadzera pa sitensulo ya makina a Gestetner. Apa riboni ankaichotsa kuti chitsulo cha chilembo chiboole pepala laphulalo. Akamenya monyengerera chilembo sichinkatuluka, akamenya mwamphamvu o ankathothoka yense n'kusiya bowo, ndipo patsamba pankatuluka dontho lakuda bii. Amene adaphunzira nthawi imeneyo amakumbukira mphunzitsi akuwerenga mokweza mafunso osaoneka, ana akukonza ndi bolopeni mayeso asadayambe.

Chichewa chidali ndi vuto lakelake. Chilembo cha ŵ, chimene chinkalembedwa ngakhale m'dzina la Malaŵi, chidalibe batani pa makina ambiri opangidwira Chingerezi. Wotayipa ankamenya w wamba, tsamba likatuluka n'kumuveka kachipewa ndi bolopeni, ndipo pa makope a kaboni kachipewako kankaiwalika kawirikawiri.

Chimene chidachulukitsa ntchito pachipata ndi nkhondo ya ku Mozambique. Njanji za ku Beira ndi ku Nacala, zimene zinkanyamula katundu wambiri wa Malawi, zitasokonekera m'zaka zoyambirira za m'ma 1980, katundu adasamukira pamsewu, ndipo njira yachidule yopita ku Harare ndi ku South Africa idali yodzera ku Tete. Mathiraki ankayenda pamdipiti moperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe pakati pa Nyamapanda ndi Zobue. Nkhondo itatha ndi pangano la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992, msewu udatseguka kwa aliyense, ndipo Mwanza idakhala chimodzi mwa zipata zotanganidwa kwambiri m'dziko muno. Maejenti oombola katundu ku kasitomu adatsegula timaofesi pafupi ndi chipata, aliyense ndi kalaliki wake wodzaza mafomu.

Kompyuta idalowa m'ntchitoyi kudzera ku msonkho. Bungwe la Malawi Revenue Authority lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998 n'kuyamba kugwira ntchito mu Febuluwale 2000, ndipo ntchito ya kasitomu idasamukira pa ASYCUDA, pulogalamu imene bungwe la UNCTAD lidakonzera maiko ambiri. Fomu 12, imene mwini katundu amafotokozerapo zimene wanyamula, idayamba kudzazidwa pa sikirini. Mtundu uliwonse wa katundu uli ndi nambala yake ya msonkho, ndipo kuwerenga 8 pamene pali 3 kungasinthe ndalama zolipira, kapena kugoneka thiraki pachipata dalaivala akudya za m'thumba mwake. Kuyambira pamenepo kuoneka bwino kwa nambala kudasanduka nkhani ya ndalama.

Makompyuta oyambawo adali a padesiki, okhala ndi sikirini yachimsana yonga TV yakale. Sikirini yotere ikakalamba kuwala kwake kumamwazika, zilembo n'kuyamba kuoneka mwachimbuuzi. Amisiri okonza ma TV ankatsegula kumbuyo n'kupotokola kabatani kosongolera kuwalako, ntchito yoopsa chifukwa mkatimo mumatsalira magetsi amphamvu ngakhale chipangizocho chitazimitsidwa. Pambali pake pankakhala pulinta yaphokoso monga Epson LX-300, imene imalemba ndi timisomali 9 tomenya riboni, ndiye riboni ndi kaboni sizidatsanzike msanga. Zidangosamuka makina.

Kunja kwa maofesi a maejenti kudabadwa timashopu totayipa ndi kupanga fotokope, kumene munthu wamba amakalembetsa kalata yofunsira ntchito, pangano logulitsana malo, khadi la ukwati kapena pulogalamu ya maliro. Intaneti idayamba kugulitsidwa m'Malawi mu 1997, bungwe la MACRA lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998, ndipo pambuyo pake MACRA idathandiza kutsegula malo ophunzirirako kompyuta m'madera akumidzi, kuphatikizapo a pa Khudze m'boma lomweli.

Laputopu idabwera pa basi. Wochokera ku Joni amadutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete ndi Zobue, ndipo dothi loyamba la kwawo limene amapondapo ndi la Mwanza. M'zikwama za matchona ndi za amalonda munkabwera malaputopu a HP, Dell ndi Lenovo, atsopano ochepa, akaunjika ambiri, ndipo ena ankagulidwa m'mashopu a ku Limbe ndi ku Blantyre. Chimene chidakopa otayipa si kupepuka kwake ayi, koma batire. Mu 2016 ndi 2017, madzi atachepa mu mtsinje wa Shire, magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku, ndipo wa kompyuta ya padesiki ankangopinda manja pamene mnzake wa laputopu akupitiriza ntchito. M'midzi ya kwa Kanduku ndi kwa Nthache anthu ambiri adaiyandikira laputopu mu 2017, pa kalembera wa ziphaso zaunzika, pamene alembi ankayenda ndi bokosi lokhala ndi laputopu, kamera, chodindira zala ndi sola.

Tsiku loyamba ndi laputopu yatsopano lili ndi mwambo wake. Ngati yachokera ku South Africa pulagi yake ndi yamano atatu ozungulira, yosalowa m'soketi ya kuno yamano amakona, ndiye ulendo woyamba ndi wokagula adaputa. Kenako mwini wake amayesa kiyibodi, ndipo nthawi zina pomenya chizindikiro cha @ pamatuluka china, chifukwa mabatani ndi a dongosolo la ku Britain pamene Windows idaikidwa pa la ku America. Amaitchaja mpaka kudzaza, n'kuizula kuti aone kuti batire ipirira nthawi yaitali bwanji. Zithunzi zimaoneka ngwee, kanema amasangalatsa. Kukhumudwa kumadza akatsegula pulogalamu yakale imene amadyera, ya maakaunti kapena yodzazira mafomu, n'kupeza zilembo zofufuma ngati inki yodontha pa pepala lonyowa. Ambiri amathamangira kunena kuti agulitsidwa chakufa. Kawirikawiri sikirini imakhala ilibe mlandu.

Gwero la vutoli ndi kusiyana kwa sikirini yachimsana ndi yopyapyala. Yachimsana inkalola kukulitsa kapena kuchepetsa chithunzi popanda kuononga kwambiri. Ya laputopu idapangidwa ndi timadontho towerengeka, tokhazikika m'mizere ngati mapando a chimanga: 1366 chopingasa ndi 768 chotsika pa malaputopu ambiri akale, 1920 ndi 1080 pa atsopano. Pa sikirini ya mainchesi 14, yoyambayo ili ndi timadontho pafupifupi 112 pa inchesi iliyonse, pamene yachiwiriyo ili ndi 157. Koma Windows idakula ndi chizolowezi choganiza kuti sikirini iliyonse ili ndi timadontho 96 pa inchesi. Pa sikirini yothinana choncho zilembo zikadatuluka zing'onozing'ono ngati nyerere, ndiye Windows imazikulitsa yokha kufika pa 125 kapena 150 peresenti. Pulogalamu yatsopano imadziwa zimenezi ndipo imajambula zilembo zake mwatsopano pa kukula koyenera. Yakale siidziwa kanthu; imajambula pa 96 monga mwa masiku onse, ndipo Windows imangokoka chithunzicho monga mmene fotokope imakulitsira chiphaso. Zotsatira zake n'zodabwitsa kwa wogula: sikirini yabwino kwambiri ndiyo imaonetsa pulogalamu yakale moipa kuposa sikirini yotchipa.

Opanga mapulogalamu adalimbana ndi nkhaniyi kwa zaka zambiri. Kadontho kalikonse ka sikirini yopyapyala kali ndi timagawo titatu, kofiira, kobiriwira ndi kabuluu, ndipo kampani ya Microsoft idapeza njira yoyatsa timagawoti patokhapatokha kuti m'mphepete mwa chilembo musalale. Njirayi, yotchedwa ClearType, idalengezedwa mu 1998. Mu Windows XP ya mu 2001 idalimo koma yozimitsa, moti otayipa ambiri adagwira ntchito zaka osadziwa kuti ilipo. Idayamba kubwera yoyatsiratu mu Windows Vista. Windows 7 ya mu 2009 idabwera ndi kachida koisinthira, ndipo mu 2018 Windows 10 idalandira batani loyesa kukonza yokha mapulogalamu ooneka mwachimbuuzi.

Mmisiri wa makompyuta wodziwa ntchito yake amatsata zinthu mwandondomeko, kuyambira zosafuna ndalama. Amayamba ndi kuona ngati sikirini ili pa nambala yake yobadwa nayo ya timadontho, imene Windows imailemba kuti Recommended, pakuti anthu ambiri amaitsitsa dala pofuna zilembo zikuluzikulu, osadziwa kuti potero akuzifufumitsa. Chofunika kusintha ndi peresenti ya kukula, osati chiwerengero cha timadontho. Akapeza kuti nambala yoyenerayo palibe pa mndandanda, amadziwa kuti vuto ndi dalaivala wa sikirini, pulogalamu yaing'ono yolumikiza Windows ndi chipangizo chojambula zithunzi. Izi n'zofala pa malaputopu akaunjika, amene ogulitsa amawaikamo Windows mothamanga n'kusiya dalaivala wongogwirizira. Kenako amatsegula kachida ka ClearType, kamene kamaonetsa timabokosi ta mawu ofanana kuti munthu asankhe kooneka bwino, ngati poyezetsa maso. Apa mmisiri wanzeru amapereka mpando kwa mwini laputopu, chifukwa maso amene adzawerenge ndi akewo. Ikatsala pulogalamu imodzi yovuta, amalowa mu Properties, pa Compatibility, n'kuuza Windows kuti isiye kuikoka. Zilembo zimathwa nthawi yomweyo, ngakhale kuti pa mapulogalamu ena zimachepa ndipo mabatani amathinana, moti mwini wake amayenera kusankha chimene angapirire.

M'timashopu momwe laputopu imalumikizidwa ku sikirini yachiwiri, mlandu umapezekanso pa chingwe. Chingwe chamutu wabuluu cha VGA, chimene kampani ya IBM idabweretsa mu 1987, chikatalika kapena kukhwepa chimapatsa chilembo chilichonse kamthunzi. Batani la Auto pa sikirini limachepetsako, koma chingwe cha HDMI ndicho chimathetseratu. Fumbi la m'chilimwe nalo limachita zake. Kansalu kofewa konyowa pang'ono n'kokwanira, ndipo sipiriti amene ankatsukira makina a riboni angathe kusupula khungu la sikirini.

Ŵ uja adapeza malo ake pa kompyuta. Mu Microsoft Word munthu amalemba 0175 n'kudina Alt ndi X pamodzi, ndipo chilembocho chimatuluka ndi chipewa chake, ngakhale kuti olemba ambiri masiku ano adachisiya.

Pali zifukwa ziwiri za kufufuma kwa zilembo zimene mmisiri sangazichotse ndi batani lililonse. China ndi chikalata chimene chidafika chofufuma kale. Inivoisi imene idapangidwa fotokope ku Durban, n'kujambulidwa pa foni usiku m'thiraki, n'kutumizidwa pa WhatsApp imene imachepetsa chithunzi kuti chisadye bandulo, imafika ku Mwanza ili ngati kope yachinayi ya kaboni, ndipo kalaliki amaimbira wotumizayo kuti aitumizenso ngati PDF. China ndi maso a wotayipa mwini. Munthu akapyola zaka 40 maso amayamba kuvutika kuona zapafupi, ndipo amene adayamba ntchito pa sikirini yachimsana cha m'ma 2000 adafika kale pa msinkhu umenewo. Mayeso ake ndi apafupi: mmisiri amaitana wachinyamata kuti awerenge mzere womwewo, ndipo akauwerenga bwinobwino laputopu imabwezedwa kwa mwini wake pamodzi ndi malangizo oti akayezetse maso kuchipatala cha boma kapena ku Blantyre.