Timu ya pazilumba imene sinasewerepo kwawo

Rugby itasanduka ntchito yolipidwa mu 1995, ndalama zinatsata kumene kuli mabwalo akuluakulu ndi makampani a wailesi yakanema. Fiji, Samoa ndi Tonga anatsala manja ali m'khosi. Anyamata aluso analipo ambiri, koma makalabu a ku New Zealand, Australia, France ndi England ankawatola mmodzimmodzi. Mutu umodzi susenza denga: mabungwe a rugby a mayiko atatuwa anagwirizana zopanga timu imodzi yotchedwa Pacific Islanders, kuti izikumana ndi mayiko amphamvu n'kubweretsa kangachepe kunyumba.

Inayamba kusewera mu 2004, mphunzitsi wake ali John Boe. Inagonja kwa Australia 29-14 ku Adelaide, kwa New Zealand 41-26, ndi kwa South Africa 38-24 ku Gosford. Kugonja kunalipo, koma adani awowo anatuluka thukuta.

Nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya Sitiveni Sivivatu, mnyamata wobadwira ku Fiji. Pa masewero a New Zealand aja anadutsa chitetezo cha All Blacks, timu ya dzikolo, n'kugoletsa kawiri. Kuvala jezi ya Islanders sikunkamumanga munthu ku dziko lililonse, choncho chaka chotsatira Sivivatu anavala jezi yakuda ya New Zealand. Tsiku lake loyamba anakumana ndi Fiji, dziko lobadwira, ndipo anagoletsa kanayi. Sione Lauaki, wobadwira ku Tonga, nayenso analowera komweko. Sindiwadzudzula anyamatawa, poti kumeneko n'kumene kunali malipiro otha kudyetsa abale. Chondiwawa n'chakuti timu imene inapangidwa kuti itukule zilumba inakhala ngati msika woonetserapo katundu kwa anthu olemera.

Mu 2006 mphunzitsi Pat Lam anapita ndi timuyi ku Ulaya, komwe Wales, Scotland ndi Ireland anaigonjetsa. Osewera ankachokera m'makalabu osiyanasiyana, n'kukumana kwa masiku owerengeka asanalowe m'bwalo. Mu 2008 inagonjanso kwa England ndi France, kenako mu November inapambana Italy 25-17 ku Reggio Emilia. Pa masewero 9 amene inasewera ndi mayiko, inapambana amenewa okha, ndipo anali omaliza. Mu 2009 Samoa inatulukamo, ponena kuti ndalama zimene ankayembekezera sizinkaoneka.

Zaka zonsezo Islanders sinakumanepo ndi dziko lina lililonse ku Suva, ku Apia kapena ku Nuku'alofa, malikulu a mayiko atatuwa. Makolo amene analera anyamatawo ankangowamvera pa wailesi kapena kuwaonera pa kanema.

Maganizo ophatikiza mphamvu anadzukanso mwa njira ina. Mu 2022 Moana Pasifika, ya osewera a mtundu wa ku Samoa, Tonga ndi zilumba zina, inalowa mu mpikisano wa Super Rugby pamodzi ndi Fijian Drua. Inkakhala ku Auckland, koma mu April 2023 inakwera ndege kukakumana ndi Queensland Reds pa bwalo la Apia Park, anthu a ku Samoa akuonerera ndi maso awo.