Kujambula Ziboliboli Moseketsa: Njira Zake ndi Malire Ake

Kujambula moseketsa ndi luso lotenga cithunzi ca ciboliboli kapena cosema m'njira yakuti woona aseke, pamene cosemaco sicinakhudzidwe kapena kusunthidwa. Cimene cimasintha ndi malo amene wojambula waima, komanso gawo la cosema limene wasankha kuliyandikira.

M'boma la Chongwe, kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, malo odziwika ndi zosema ndi Chaminuka, kufupi ndi bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda. Malowa anakhazikitsidwa ndi a Andrew Sardanis pamodzi ndi akazi awo a Danae. A Sardanis anabadwira ku Cyprus, anafika m'dziko muno mu 1950 ndipo anamwalira mu 2021. Banjali linasonkhanitsa zosema, zopenta ndi nchito zina zaluso zoposa 1,000 zocokera m'maiko a mu Africa. Zina mwa izo zili pabwalo, kumene munthu angathe kuzizungulira ndi kuziona mbali zonse.

Cinsinsi ca lusoli cili pa kusiyana kwa kamera ndi maso a munthu. Munthu ali ndi maso awiri, ndipo ndi amene amamuthandiza kudziwa cinthu capafupi ndi capatali. Kamera ili ndi diso limodzi, motero pa cithunzi capafupi cimaoneka cacikulu, capatali cacing'ono, ngati zonse zili pa mzere umodzi. Munthu akaima patali kumbuyo kwa ciboliboli cotambasula dzanja, angaoneke ngati waima pa cikhatho cake. Njira imeneyi ndi imene alendo amagwiritsa nchito pa nsanja yopendekeka ya ku Pisa m'dziko la Italy, imene inayamba kumangidwa mu 1173: amakweza manja ngati akuicirikiza kuti isagwe.

Kutalika kwa kamera nakonso kumasintha nkhani. Wojambula akagwada ndi kulozetsa kamera kumwamba, kacosema kakang'ono kamasanduka cimphona coyang'ana anthu monyada. Akakwera pamwamba ndi kujambula cotsika, mutu umakula, miyendo imafupika, ndipo munthu wosemedwa mwaulemu amaoneka ngati mwana wopempha nsima.

Njira yacitatu ndi kuyandikira. Kamera ya pa foni ikafika pafupi ndi nkhope, mphuno imatukumuka ndipo makutu amabwerera m'mbuyo. Apa wojambula amasankha cinthu cimodzi cokha: mano otuluka, diso lotong'oka, kapena cala coloza. Zina zonse zikasiyidwa kunja, woona amayamba kufunsa kuti kodi ici n'ciani, ndipo nthabwala imabadwa pamene wazindikira.

Kuwala kumathandiza zonsezi. Dzuwa la m'mawa ndi la madzulo limawomba cam'mbali, ndipo limaonetsa makwinya ndi mikwasa ya sompho pa mtengo. Dzuwa la masana limaika mthunzi m'maso mwa ciboliboli, nkhope n'kuoneka yokwiya. Pamene munthu ndi cosema ali motalikirana, pamafunika kuwala kokwanira kuti onse awiri aoneke bwino, pakuti mmodzi akacita cimbuuzi cinyengo conse cimaululika.

Komabe lusoli lili ndi malire. Cosema ciliconse cili ndi mwini wake, amene anatha masabata kapena miyezi akucipanga. Lamulo la mu 1994 loteteza umwini wa nchito zaluso m'Zambia limakhudzanso zosema, conco wofuna kugulitsa zithunzi zotere ayenera kuyamba wapempha cilolezo. Ndi ulemunso kuchula dzina la wosema pamene cithunzi cikuonetsedwa. Kukwera pa ciboliboli kapena kucitsamira kumaononga, makamaka ca mtengo kapena ca dothi.

Zilipo zinthu zina zimene sizicitidwa nthabwala. Pa mwambo wa Chakwela Makumbi, pamene Asoli motsogozedwa ndi Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II amapempha mvula asanayambe kubzala, zida za ufumu zimajambulidwa mwaulemu ndiponso ndi cilolezo. Cimodzimodzi ndi zigoba za Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005, ndi ciboliboli ca Ufulu ku Lusaka, cimene cimakumbutsa anthu amene anavutika pomenyera ufulu wa mu 1964.

Kwa woyamba kumene, njira yabwino ndi kuzungulira cosema kamodzi kamera isanatuluke m'thumba, kuciona ataima, atagwada, ndiponso ali pafupi. Osema ambiri anaika kale nthabwala m'nchito zawo, monga mimba yotupa ya munthu wadyera kapena milomo yaitali ya wamiseche. Wojambula amene wapeza malo oyenera kuima amathandiza ena kuona cimene wosemayo ankaseka pamene anali kusema.