Zinayambira pa khomo la sitolo



27 January ndi tsiku limene mu 1945 asilikali a Soviet Union anamasula otsala mu msasa wa Auschwitz ku Poland. Pa nkhondo ija boma la Hitler ndi owathandiza anapha Ayuda pafupifupi 6 miliyoni. Mwina muziti ndi za azungu izo, zitikhudza bwanji ife? Tamverani.

Ambiri mukumbukira a Simon Zukas, aja anali nduna mu boma la MMD, anamwalira mu 2021. Anabadwira ku Ukmergė, tauni ya ku Lithuania, mu 1925, nabwera kuno mu 1938 akali mnyamata. Makolo awo anali ndi sitolo ku Copperbelt. Patangopita zaka zitatu, pa 5 September 1941, Ayuda 4,709 anawomberedwa ku Ukmergė tsiku limodzi. Mwa iwo 1,737 anali ana. Ciwerengeroci anacilemba okha akuphawo, bwinobwino, monga tilembera matumba a nshawa m'buku. A Zukas akadatsala kwawo, bwenzi ali m'dzenje lomwelo. M'malo mwake anakana Federation pamodzi ndi makolo athu, mpaka atsamunda anawathamangitsa m'dziko muno mu 1952.

Cimene cimandisowetsa tulo n'cakuti sizinayambe ndi mfuti. Pa 1 April 1933 anyamata a cipani ca Nazi anaima pa makomo a masitolo a Ayuda ku Germany, kuletsa anthu kugulamo. Nkhani zake zinali za pa msika: akuti ndi akuba, akuti ndalama zonse agwira ndiwo.

Sabata yatha mu gulu lathu la WhatsApp munalowa uthenga wonena zomwezo, kuti Ayuda ndiwo akweza dola, ndiwo anapha Yesu. Ena munaikapo Amen. Ine ndinauwerenga n'kukhala cete, poopa kukhumudwitsa mkulu amene anautumiza. Ndinalakwa, ndalapa. Maria anali Myuda, Petro Myuda, Ambuye wathu Myuda. Ndipo tikaimirira pa Cikhulupiriro Sondo iliyonse, dzina limene timachula pa kusautsidwa kwake ndi la Pontio Pilato, kazembe wa Aroma.

Ukabweranso uthenga umenewu ndidzayankha pomwepo pagulu. Atate amene munautumiza, ndibwera kwanu madzulo ano tikambirane.