KACISI AMENE ANAYAMBA NDI DENGA

Aliyense womanga nyumba ayamba ndi maziko, natsiriza ndi denga. Koma ku India kuli kacisi wamkulu amene amisiri ace anayambira pamwamba nanka natsika, ndipo sanaikepo njerwa ngakhale imodzi. Dzina lace ndi Kailasa. Ali pa malo ochedwa Ellora, m'cigawo ca Maharashtra, pamene pali mapanga 34 osemedwa m'phiri ndi anthu a zipembedzo zitatu: Abuda, Ahindu ndi Ajaini. Pa mapanga onsewo Kailasa ndiye wa nambala 16, ngakhale kuti kumucha phanga ndi kumcepsa.

Odziwa mbiri anena kuti mwini nchito imeneyi anali mfumu Krishna I wa banja la Rashtrakuta, amene analamula kuyambira ca m'ma 756 kufikira ca m'ma 773. Banjali linali litangolanda kumene ufumu kwa a Chalukya, ndipo kamangidwe ka Kailasa kafanana ndithu ndi ka kacisi wa Virupaksha amene a Chalukya anamanga ku Pattadakal. 

Munthu amene anagwirapo nchito ya m'mgodi ndiye angamvetse msanga kukula kwa cinthuci. Amisiri anakwera pa phiri nakumba ngalande zazikuru zitatu m'thanthwe lakuda lolimba, kufikira pakati panatsala cimwala cimodzi coima pacokha. Bwalo limene anakumbalo liposa mapazi 270 m'litali ndi mapazi 150 m'lifupi, ndipo kumbuyo kwace khoma la thanthwe likwera mapazi oposa 100. Miyala imene anacotsa akuti inali pafupi matani 200,000. Panalibe dainamaiti, panalibe makina obowolera. Zida zao zinali nyundo ndi chizulo basi. Cobvuta koposa cinali ici: womanga ndi njerwa akalakwa agumula nayambanso, koma wosema thanthwe akadula pamene panayenera kukhala nsanamira, nsanamirayo yapita. Cotero mkulu wa amisiri anayenera kuona kacisi yense m'mtima mwace, zipinda, makwerero ndi maulalo omwe, nyundo yoyamba isanagunde.

Anthu a dzikolo ali ndi nthano yao yofotokoza cifukwa cace nchito inayambira pamwamba. Inalembedwa m'cinenero ca Marathi patapita zaka mazana ambiri. Akuti mfumu ina inadwala nthenda yoopsya, ndipo mkazi wace anawinda kwa Shiva kuti mwamuna wace akacira adzamanga kacisi, ndiponso kuti sadzalawa cakudya kufikira ataona nsonga ya kacisiyo ndi maso ace. Mfumu inaciradi. Pamenepo mpamene mlandu unakula, pakuti amisiri onse anati nsonga siingaoneke miyezi yambiri isanathe, ndipo maiyo akadafa ndi njala. Tsono kunabwera mmisiri wa ku Paithan, dzina lace Kokasa, amene anakwera pa phiri nasema nsonga poyamba. Pakutha pa mlungu umodzi mkazi wa mfumu anaiona, nadya. Ndi nthano cabe, koma amene anaipeka anali atapenyetsetsa bwino umo thanthwelo linadulidwira.

Wolowa pa cipata apeza poyamba kanyumba ka Nandi, ng'ombe yamphongo imene Shiva akwerapo, ndipo uku ndi uku kwaima zipilala ziwiri zazitali. Ulalo wamwala ucokera pa kanyumbako kunka m'cipinda cacikuru ca nsanamira 16, ndipo kuseri kwace kuli kacipinda kamdima kopatulika. Pansi pa kacisi pali mzere wa njobvu zosema, zooneka ngati zasenza nyumba yonse pamsana. Pa makoma pali nkhani za Ramayana ndi Mahabharata.

Cosema cimene alendo aimapo nthawi yaitali ndico ca Ravana, mfumu ya mitu khumi. Iye ali pansi pa phiri la Kailash, kwao kwa Shiva, alikuligwedeza ndi manja ace ambirimbiri. Pamwamba Parvati wagwira mwamuna wace ndi mantha, mdzakazi alikuthawa, koma Shiva wangokhala phee, napondereza phirilo ndi phazi. Dzina la kacisi licokera pa phiri limenelo, ndipo kale makoma ace anapakidwa njereza kuti ayere ngati cipale cofewa ca pa nsonga yace. Zotsalira za njerezayo zionekabe apa ndi apo. M'caka ca 1983 bungwe la UNESCO linaika Ellora pa mndandanda wa malo osungidwira anthu a dziko lonse lapansi.

Umboni wakale wa nchitoyi uli pa mapale a mkuwa ochedwa a Baroda, olembedwa ca m'ma 812. Mapalewo atamanda mfumu Krishna cifukwa ca kacisi wa Shiva pa phiri la Elapura, ndilo dzina lakale la Ellora. Asimbanso kuti mmisiri amene anampanga, poyang'ana nchito ya manja ace, anazizwa yekha kuti anaitha bwanji. Dzina la mfumu lalembedwapo bwino lomwe, koma la mmisiriyo mapalewo sanalichule.