Zombi wa patebulo ndi ndondocha ya kwathu

Loweruka madzulo kuno kwa Kapichila timakhala anthu asanu pozungulira tebulo, nyali ya sola pakati, mapepala, pensulo ndi dayisi. Mmodzi amakamba nkhani, enafe aliyense ali ndi munthu wake m'nkhanimo: uyu mlenje, uyo sing'anga, winayo msilikali wa mfumu. Zili ngati nthano, kungoti sitimangovomera kuti "tili tonse". Timasankha zochita, ndipo dayisi ndi amene amagamula ngati zatheka.

Tsiku lina amake a mnzathu anamva tikufuula kuti akufa adzuka, atizinga. Anaima pakhomo nafunsa kuti, "Ana inu, mukusewera ndi ndondocha usiku uno?" Tinaseka, koma titafufuza mbiri ya mazombi tinapeza kuti amayiwo sanaphonye.

Zombi anabadwira m'minda ya nzimbe ya ku Saint-Domingue, dziko limene Afalansa ankalamulira, komwe akapolo ochokera ku Africa ankagwira ntchito mpaka kufa. Akapolowo anaukira mu 1791, ndipo mu 1804 dzikolo linakhala Haiti. Koma mantha a ukapolo anatsala. Anthu ankanena kuti wamatsenga akhoza kudzutsa wakufa, n'kumulimitsa m'munda osamulipira, iye osalankhula, osakumbukira kwawo. Ankatinso akalawa mchere amazindikira, n'kubwerera kumanda ake.

Asilikali a America atakhala ku Haiti kuyambira 1915 mpaka 1934, nkhaniyi inawoloka nyanja. William Seabrook anailemba m'buku la The Magic Island mu 1929, ndipo mu 1932 munatuluka filimu ya White Zombie, mmene akufa akugwira ntchito pa chigayo cha nzimbe. Mazombi odya anthu amene timawaona pa foni anabwera mochedwa, mu 1968, ndi filimu ya George Romero ya Night of the Living Dead.

Masewera athuwa anayamba mu 1974, pamene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa Dungeons & Dragons ku America. Mmenemo zombi anasunga khalidwe lake lakale: wamatsenga amamudzutsa kuti azimutumikira. Ndiye ndondocha imene, munthu amene amati anaikidwa m'manda koma wina anamutenga, anamudula lilime, ndipo usiku amalima kuti mwini wakeyo alemere.

Nafenso tili ndi mbiri imene inadyetsa mantha oterewa. Kampani ya British South Africa itayamba kutolera msonkho wa nyumba ku North-Eastern Rhodesia mu 1901, amuna a kuno kum'mawa anayenda pansi kukafuna ndalama ku mapulazi ndi migodi ya ku Southern Rhodesia, kenaka ku Copperbelt. Ena sanabwerenso, ndiwo matchona. Pamudzi panatsala mkazi amene sakudziwa ngati ndi wamasiye kapena ayi. M'ma 1930 mpaka m'ma 1950 munamveka mphekesera za banyama, anthu oti amagwira anzawo n'kuwapopa magazi potumidwa ndi azungu. Luise White anazifotokoza m'buku la Speaking with Vampires mu 2000. Anthu ankaona mphamvu za abale awo zikupita kukalemeretsa ena, ndipo anapeza njira yokambira zimenezo.

Vuto ndi lakuti nkhani yotere ikachoka pamoto wa nthano n'kulowa mumsewu, imapha. Mu 2017 kum'mwera kwa Malawi anthu anaphedwa powaganizira kuti ndi anamapopa. Mu 2020 kuno ku Zambia, nthawi ya mphekesera za opopera gasi m'nyumba, magulu a anthu anapha anzawo popanda umboni. Ndipo tonse tikudziwa kuti pamudzi chala chimakonda kuloza agogo osauka kapena mlendo wosochera.

N'chifukwa chake patebulo lathu tinasintha malamulo. Zombi sitimuphwanya mutu. Amene wafuna kupambana ayenera kupeza dzina lake ndi mudzi wake, amulawitse mchere, amuperekeze kwawo. Mdani weniweni ndi uja nkhokwe zake zikudzaza pamene ena akulima osadya, ndipo asanamugwire, osewera ayenera kubweretsa umboni pabwalo la mfumu ya m'nkhanimo. Amene wathamangira kuloza nkhalamba amataya mwayi wake woponya dayisi.

Sabata yotsatira tinawafotokozera amayi aja zonsezi. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anatiuza za amalume awo amene anapita ku Bulawayo iwo asanabadwe, osalembako ngakhale kalata imodzi. Dzina lawo amalidziwa, manda awo sawadziwa. Usiku umenewo tinawapatsa dayisi, ndipo wakufa woyamba kufika kwawo anaperekezedwa ndi iwo.